Mjigo Wanga ndi Mano a Esime

Tsiku limenelo, pansi pa mtengo wa mango wa kumjigo, panali anthu awa, ndipo ndiwatchula kuti wina asadzakunamizeni ine nditagona. Panali a mwene athu, mfumu ya mudzi uno, mayi Nasibeko, pa mpando wawo wa ndalema umene unkawatsata kulikonse. Panali mayi wina wochokera ku boma, wa ku ofesi ya zamadzi, wovala nsapato zachimuna. Dzina lake sindinalisunge ndipo sindikulifuna. Panali agogo anu aakazi, malemu Elube, ataima chotsamira thunthu, chifukwa kukhala pamphasa anali atalephera kale. Panali bambo anu Fanuwelo. Panali mayi anu Aginesi, iwe Pilirani uli kumbuyo, m'kamwa mulibe ngakhale dzino limodzi, dovu lokhalokha. Iwe Madalitso unali utagwira chitenje cha amako, mamina ali tho. Iwe Esime unali utayamba kale kusinkhuka, unakhala pawekha dzanja lili pakamwa, monga wachitira panomu. Kumbuyo kunali mudzi wonse. Ndiye panali ine, Wayisoni, amene mjigowo umatchulidwa dzina lake mpaka lero.

Ndayamba nkhaniyi chifukwa cha chigubu chachikasu icho mwatsitsa pa njinga. Mwabwera kudzamanga chiliza cha agogo anu, zikomo, koma mwabwera ndi madzi anuanu ngati pano ndi pachipululu. Usachikankhire kuseri kwa khonde, Madalitso, ndachiona kale. Maso angawa ndi okalamba, si akhungu.

Anthu amati tsikulo tinkakambirana za mjigo. Ayi. Tinkakambirana za inu, kuti mukulira pakhomo pano kapena kwa amayi anu ku Chitakale. M'mawa wa tsikulo bambo anu anandipeza ndikunola khasu, nati, "Ababa, lero musalankhule. Mjigo uja ukapanda kumangidwa unyolo, ine ana ndiwachotsa pano." Ine ndinaseka. Mwana amene ndinamuphunzitsa njinga ndi manja angawa andiuze kuti nditseke pakamwa? Ndinati ndi mawu a m'mawa, dzuwa likakwera asungunuka.

Koma dikirani, ndiyambe ndi mano anga. Taonani. Yandikira, Pilirani, sindiluma. Onsewa ndi anga, palibe la kuchipatala, ndipo mzimbe ndimasenda ndekha. Ine ndinabadwira m'makomboni a esiteti, m'tsinde mwa phiri. Makolo anga anawoloka ku Muloza wapansi, kuthawa chibalo cha Apwitikizi, atasenza makaka a chinangwa ndi nkhali imodzi yophikira kalongonda. Kalongonda simumudziwa inu. Mumati ndi chakudya cha anthu osauka. Ankabwata kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kutaya madzi, kuthira ena, apo ayi aledzeretsa mudzi wonse. Madzi ake anali a m'phiri, ozizira olasa m'mano, oti ukamwa m'chikho umaona pansi pake. Mswachi wathu unali kamtengo kotafuna kunsonga. Palibe mwana wa m'makomboni amene ndinamuona ndi mano ofiira, kupatula nkhalamba za fodya wa chingambwe.

Ntchito ndinayamba yothyola tiyi, dengu kumsana, mvula ikukusambitsa osakufunsa. Kenako anandipatsa mpeni wodulira, wokhota uja uli patsindwi apo, umene mukuti ndi chikwakwa cha ana. Kenako ukapitawo. Sanandipatse chifukwa cha sukulu, ine sukulu ndinangoinunkhiza. Anandipatsa chifukwa cha mawu. Ndikaitana munthu ali tsidya la munda, ankatembenuka pamodzi ndi anzake a munda winawo. Mawu amenewa andidyetsa, andiveka, andikwatitsa. Musamati agogo amakalipa. Sindikalipa, ndi mmene ndimalankhulira.

Kuno kuchigwa, kuseri kwa Chonde, ndinabwera ngati mkamwini, kutsata agogo anu. Inu simudziwa kuti mkamwini anali chiyani. Unali tambala wobwereka. Pabwalo sulankhula, mtengo ukadzala amati ukufuna kulanda malo. Ndipo madzi a kuno ndinawaona tsiku loyamba ndinafuna kubwerera. Mipopi ya madzi a m'phiri inafikapo kale kuno, anthu anakumba okha ngalande, koma mapaipi ataphulika palibe anabwera kudzakonza, otsalawo anthu anafukula. Tinabwerera kumtsinje. Chilimwe amayi ankafukula mchenga n'kumadikira madzi adzadze chikho. Dzinja madzi ankabwera ofiira, atanyamula zonse za kumtunda, za mbuzi ndi za anthu zomwe.

Bambo anu anali ndi mlongo wake. Filesi. Sanakuuzeni bwino, ndikudziwa, sakonda kumutchula. Anali pa msinkhu woti wayamba kusenza kandowa kakang'ono, ndipo ankatafuna chimanga chokazinga ngati mbewa, mano ake oyera mbee. Dzinja lina anayamba kutsegula m'mimba m'mawa, madzi okhaokha. Pofika masana maso analowa. Ndinamumanga kumsana ndi chitenje cha amake, ndinakwera njinga, matope akugwira matayala. Ndisanafike pamsewu waukulu ndinamva mwana walemera. Amene wabereka wakufa amadziwa kulemera kumeneko. Ndinatembenuza njinga.

Sungani zimenezo, muzifuna kutsogoloku.

Ndiye kunabwera matipate. Aa, inu munabadwa zitafika kale, mumaona ngati zinalipo chiyambire. Magalimoto a zimkuzamawu anayamba kulowa m'njira zimene ngakhale ambulasi sinkazidziwa. Uyu nsalu, uyu malaya, uyu shuga wa m'timapepala. Bwana wina wofuna mpando anaima pompaja pa mango, akulonjeza mlatho pamene palibe mtsinje. Amuna eni mudzi ankangowomba m'manja. Ine mkamwini ndinaimirira. Ndinati, "Bwana, nsalu yanuyo tikakulungira maliro? Tipatseni madzi!" Chimkuzamawu chake chinachepa. Pasanapite nthawi chigalimoto chobowola chinafika, chinalira masiku owerengeka, madzi anatumphuka, amayi analulutira. Anyamata obowola aja anamanga simenti mwachangu n'kuthamangira mudzi wina, chifukwa voti inali pafupi. Kodi pali amene anatunga madziwo m'botolo kukawayeza? Ine sindinamuone, ndipo ndinalipo kuyambira pamene anaimika chitsulo mpaka pamene anachizula. Bwana uja anapambana, ndipo nkhope yake ndinadzaionanso pa nsalu basi.

Simenti isanaume ndinatola msomali n'kulemba dzina langa. Pitani mukaone. Chilembo chimodzi chinayang'ana kumbuyo, koma ndi langa. Kuyambira tsiku limenelo palibe ananditchulanso tambala wobwereka. Ndipo mverani ichi, chifukwa anthu a ku boma saachinena: chimangireni mjigo uja, mudzi uno sunaikenso mwana wa m'mimba motsegula ngati kale. Madzi oyera, osanunkha, opanda kachirombo. Fanuwelo atakwatira, ndinapita ndekha kwa akuchikazi kukapempha chitengwa, kuti Aginesi abwere kuno. Kwathu kuno zimenezo sizichitika wamba, mwamuna ndiye amapita. Akuchikaziwo anafunsa, "Kuchigwa kuja kuli madzi?" Ndinati, "Kuli mjigo wanga." Anavomera. Ndiye mwaona, munabadwira pano chifukwa cha mjigo womwewo.

Tsono tiyi. Pakhomo pa kapitawo ketulo sinkazizira, mudzi wonse unkadziwa. Tiyi wa m'sitolo ndinkati ndi wa anthu aulesi. Nyengo yodulira, anzanga a kuesiteti ankandibweretsera masamba okhwima, aja ogwa ndi mpeni amene fakitale siwafuna. Agogo anu ankawasinja mu mtondo, kuwayanika, ndiye tinkabwatitsa tsiku lonse, madzi akaphwera kuwonjezera ena, mpaka tiyi ade bii ngati usiku wopanda mwezi. M'mawa uliwonse ndinkaima pakhonde apa n'kuitana, "Esimeee! Tiyi!" ndipo unkabwera ukuthamanga ndi kakapu kako kachitsulo. Mkaka tikanautenga kuti? Mwana akasiya bere, supuni ya tiyi. Alangizi a zaumoyo ankati wiritsani madzi, ife tinkawiritsa kuposa aliyense. Tinkati tikusamala.

Esime, mano ako oyamba anali bwino. Atagweruka, atsopano anatuluka ndi mawanga oyera ngati choko. Tinati asintha. Anasinthadi, anasanduka achikasu, kenako ofiira ngati msomali wagona pamvula, timaenje tili mbwee. Amako anakukwecha ndi phulusa. Anakukwecha ndi makala. Tsiku lina ndinawapeza akukukwecha ndi mchenga wa kumtsinje, nkhama zikutuluka magazi, iwe osalira. Amayi a pamudzi ankanong'ona kuti mkazi wachitengwa uja ndi wauve, satsuka ana. Mpaka ana awonso anayamba. Kusukulu ankakudziwani ndi mano kuti awa ndi a kumjigo wa Wayisoni. Unali ndi mawu anga, iwe, unkatsogolera nyimbo kutchalitchi. Unasiya. Sunauze munthu chifukwa chake, koma kuimba kumafuna kutsegula pakamwa.

Agogo anunso khosi linayamba kuuma. Mkazi amene ankasenza ndowa yodzadza akucheza, osagwira, anayamba kutembenuka thupi lonse akafuna kuona wamuitana. Kenako msana, kenako chiuno. Kuwerama kuti atole chipande, ntchito. Tinati nyamakazi. Ena anati aponda mankhwala, tinawatemera mphini msana wonse, ayi ndithu. Iwo ndiye ankamwa tiyi uja kuposa tonse, chifukwa ndi amene ankakhala pafupi ndi ketulo.

Bambo anu nthawi imeneyo ankapalasa kabaza pa Chonde. Dzino lako lina litabenthuka, Esime, anakukweza kupita nawe kuchipatala. Kumeneko sanafunse kuti umatsuka kangati, anafunsa kuti umamwa kuti. Ndi mmene mayi wa nsapato zachimuna uja anabwerera koyamba kudzatunga madzi m'botolo. Atabweranso, a mwene anaitanitsa mudzi.

Sindimunamizira, analankhula mwaulemu. Anati m'miyala ya pansi penapake mumakhala mchere wina wotchedwa fuloraidi. Suoneka, sumveka pa lilime. Anati ukakhala wochepa umalimbitsa mano, n'chifukwa chake amauika m'mankhwala otsukira mano a m'sitolo. Koma mu mjigo uwu wachuluka. Umalowa m'mano a mwana akadali m'nkhama, asanamere, ndipo akatuluka othimbirira ndiye kuti athimbirira mpaka kale, ngakhale mukweche ndi njerwa. Kwa akulu, ukamwa zaka zambiri, umaunjikana m'mafupa, mfundo zimauma.

Mayi wina kumbuyo anafuula, "Ife timawiritsatu!"

Anati, "Amayi, kuwiritsa kumapha tizirombo, koma mcherewu sufa. Madzi akamaphwera, iwo umatsala, ndiye mphika umene wabwata tsiku lonse ndi umene uli nawo wambiri. Ndipo masamba a tiyi okhwima amakhala nawonso wawo."

Anthu anatembenuka kuyang'ana ine. Agogo anu sanathe kutembenuka.

Mayiyo anati madzi a mjigo muzichapira, muzisamba, muziumbira njerwa. Koma akumwa ndi ophikira, makamaka a ana amene mano awo enieni sanatuluke, apezeke kwina. Dzinja tcherani a mvula pa malata. A mwene anafunsa, "Nanga chilimwe?" Anati akanena ku boma. Akanena ku boma! Mawu amenewo ndinali nditawamva kuyambira pamene mapaipi anaphulika.

Apo Fanuwelo anaimirira, chipewa m'manja. Anati mpopi wa madzi a m'phiri umene ukutulukabe uli kumsewu waukulu. Amayi wapansi sangathe, koma pa njinga n'zotheka. Anati amuna onse a njinga tizisinthana, m'mamawa zigubu kumbuyo, kutungira mudzi madzi akumwa. Mjigo umangidwe unyolo, uzitsegulidwa nthawi yochapa yokha, chifukwa mwana waludzu safunsa za fuloraidi, amangoika pakamwa pampopi.

Unyolo pa mjigo wanga, ndipo womanga mwana wanga.

Ndinaimirira. Agogo anu anati, "Bambo ake Fanuwelo, khalani pansi." Ndinamva, koma ndinali nditaima kale.

Ndinati, "Mayi, pamene ankabowola munali kuti? Botolo lanulo linali lisanagulidwe? Tamwa mpaka ana akula, lero ndiye mwabwera ndi galimoto kudzatiuza kuti tamwa poizoni. Mwabwera ndi paipi? Mwabwera ndi thanki? Mwabwera ndi pakamwa pokha!" Anthu anati eee. Ndinatembenukira amuna. "Inu azibambo, mwamva? Mwana wanga akuti muzitunga madzi. Mawa akuuzani kuti muvale chitenje!" Bwalo lonse linagwa ndi phwete, ngakhale a mwene anabisa nkhope. Ndinati, "Unyolowu ukamangidwa, njinga zipalasa sabata imodzi, yachiwiri tcheni chaduka, yachitatu mwini wake wapita kumaliro. Ana aludzu apita kuti? Kumtsinje. Ine mwana wa mano oyera ndinali naye. Ali apo, kuseri kwa nsungwi. Ndipatseni wa mano ofiira wamoyo!"

Palibe anaseka pamenepo. Amayi achikulire amene anasambitsa Filesi anayamba kulira. Ndinadziwa kuti ndawatenga.

Agogo anu analankhula chapansipansi, koma ndinamva. Anati, "Nanga ine, bambo? Ndine wamoyo?" Sindinawayankhe. Pabwalo mwamuna sayankhana ndi mkazi wake.

Mayi wa ku boma anayesa kunena kuti sakuti tibwerere kumtsinje, koma mawu ake anali ngati udzudzu pa chigayo. A mwene anaweruza kuti mjigo ukhala mmene ulili, wofuna kukatunga kumsewu apite yekha. Ine ndinapita pa mjigo, ndinajiga, ndinamwa m'manja pamaso pa onse, anthu akuwomba m'manja ngati tsiku la bwana uja.

Mukuyembekeza kuti ndinene kuti ndinalakwa. Mudikira. Amene analakwa ndi amene anabowola mothamangira voti, ndi amene anasiya mapaipi a m'phiri awole. Chichokereni inu, chisankho chilichonse amabwera pa mango pomwepaja, mitundu ya nsalu yokha ndi imene imasintha. Onse amalonjeza mipopi. Ine ndimakhala kumbuyo tsopano, sindiimirira. Mjigo ukujigidwabe. Mabanja ena amuna anayamba okha kupalasa zigubu, mwakachetechete, m'mamawa anthu asanadzuke, omwe aja ankaseka. Ena akumwetsabe ana, pitani pasukulu mukaone akamayasamula.

Agogo anu anatha zaka zawo zomaliza ali chigonere chammbali, khosi ngati mtengo. Pamsewu pakadutsa ana ankafunsa, "Ndi athu?" chifukwa kutembenuka kuti aone sankatha. Ine ndinkati ndi a eni ake. Ketulo ija ndinaipachika. Chiuno changachi musachiyang'ane, ndi ukalamba chabe, munthu aliyense amauma.

Tsegulani pakamwa nonse atatu. Tsegulani, ndine agogo anu. Pilirani, oyera ngati a Filesi. Madalitso, timawanga tiwiri kutsogoloku, ukaseka msanga palibe angaone. Esime, iwe basi, usavutike, ndikuwadziwa. Maso ndili nawo, ndanena kale. Zimene mano anu akunena ndikuzimva. Koma munakula osadziwa kununkha kwa khitchini ya agogo anu, mumandipatsa moni ngati mlendo wa kutchalitchi, ndipo mwabwera kumanda kwawo ndi madzi a m'chigubu. Zimenezonso wina aziwerengere.

Anthu atabalalika tsiku lija, ndinabwerera kunyumba chifuwa chili patsogolo. Ndinapeza Aginesi akuanula zovala zisanaume. Fanuwelo anali atagwada pa njinga yake, akumanga mphasa pa kaliyala ndi chingwe cha mphira. Ndinati, "Iwe, wamva mmene mudzi wayankhira? Zibwana zako zija zatha?"

Anamaliza kumanga mfundo, anaimirira, anavula chipewa. Sanakweze mawu, mwana ameneyu mawu anga sanatenge. Anati:

"Ababa, Filesi munamuika popanda wokuchenjezani. Ine andichenjeza, pamaso pa mudzi wonse. Mawa ndikupita nawo ana. Mjigowo ndi wanu, pali dzina lanu. M'mawa mukamaitana, uzikuyankhani ndi mjigowo."